Nyengo ya mango yafika: zoyenera kudziwa musanagule zipatso ku msika

Kuyambira mwezi wa November mpaka January, mumzinda wa Lilongwe zipatso zimachuluka. Kaya mumagula pa msika wa Lizulu ku Old Town, pa msika wa alimi, kapena kwa amayi amene amayenda ndi madengu m'misewu ya ku Area 43, mupeza mango, masuku, mavwende, mapichesi a ku Dedza ndi ku Ntcheu komanso nanazi wa ku Mulanje. Koma nyengo yomweyi ndi ya mvula, pomwe matenda otsekula m'mimba amafala kwambiri.

Zipatso ndi gulu limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo m'dziko muno amalimbikitsa. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse. Mango akupsa ali ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, komanso vitamini C amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba.

Vuto limakhala pa khungu la chipatso. Tizilombo toyambitsa kolera ndi tayifodi timachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo timafika pa chakudya kudzera m'madzi oipa, m'manja osasamba ndi ntchentche. Mvula ikagwa, madzi othamanga amakokolola zonyansa n'kuzifikitsa pamene malonda ayalidwa pansi. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa.

Choncho mukafika ku msika, gulani zipatso zimene zili pa benchi, osati zoyalidwa pafupi ndi ngalande. Sankhani zathunthu, zopanda ming'alu kapena mabala, chifukwa tizilombo timalowera pomwepo. Bango lokhala ndi kadontho kakuda kofewa kawirikawiri limakhala ndi mphutsi mkati. Pewani chivwende chodula kale kapena nanazi wosenda kale wa m'mapepala a pulasitiki: simukudziwa mpeni ndi madzi amene anagwiritsa ntchito, ndiponso chipatso chodula chikakhala padzuwa tizilombo timaswana msanga. Musalawe chipatso chosatsuka, ngakhale wogulitsa atakupatsani kuti mumve kukoma. Kupukuta ndi chitenje si kutsuka. M'thumba, zipatso zisakhudzane ndi nyama kapena nsomba yaiwisi.

Kunyumba, yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Kenako tsukani zipatso ndi madzi a pampopi, kapena owiritsa, kapena othira klorini, mochita kuthirira, osati kuviika zonse m'beseni limodzi. Sopo safunika pa chipatso. Tsukani ngakhale chimene musende, chifukwa mpeni umatenga dothi la pakhungu n'kulilowetsa mkati. Chimene mwadula idyani nthawi yomweyo, kapena chiikeni mu firiji pasanathe maola 2. Ngati magetsi azima nthawi yaitali, dulani chokwanira kudya basi.

Anthu ena amati mango amayambitsa malungo. Sizoona. Malungo amabwera ndi udzudzu, kungoti udzudzu umaswana m'madzi a mvula nthawi yomwe mango akupsa. Musamumane mwana bango, mugonekeni m'neti.

Ngati muli ndi matenda a shuga, simukuletsedwa kudya zipatso, koma idyani pang'ono, ndipo chipatso chathunthu chimaposa juwisi, amene amakweza shuga m'magazi mofulumira.

Wina pakhomo akayamba kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, mupatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo azimwabe m'njira mukuthamangira naye kuchipatala chapafupi, monga cha Area 18 kapena Bwaila. Kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi, choncho musadikire kuti kuche.