Ndani Amadya M'malesitilanti a pa Mtunthama?

Aliyense amene anayendapo msewu wochoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu akudziwa kuti ukangolowa m'nkhalango ya zinyama ija, za chakudya umayamba waiwala. Mulibe sitolo, mulibe wogulitsa nthochi, ndipo chisamutsire njovu pafupifupi 500 m'menemo m'zaka za 2016 ndi 2017, palibe dalaivala amene amakonda kuimikamo galimoto popanda chifukwa. Ukatuluka m'nkhalangomo umadutsa pa Malomo, n'kuwoloka Bua, ndipo pofika pa Mtunthama dzuwa limakhala lili paliwombo, m'mimba mukulira. Kwatsala makilomita pafupifupi 30 kuti ufike pa boma la Kasungu, koma ambiri a ife ochokera kunyanja timatsikira pomwepa ndi madengu athu a usipa ndi matumba a mpunga.

Ife tinafikapo kawiri chaka chimodzi, koyamba mu Juni ndipo kachiwiri mu Febuluwale, kukaona abale athu amene anapita kumeneko kalekale kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Maulendo onse awiri tinadya m'kalesitilanti kamodzimodzi, pa benchi lomwelo. Zimene tinaona pa maulendo awiriwa zinasiyana kwambiri moti zinatichititsa kufunsa funso limene kale sitinkaliganizira: kodi anthu amenewa amadya kangati m'malo otere, ndipo chimawatengera kumeneko n'chiyani?

Tiyambe talongosola malowo, chifukwa ena akamva kuti lesitilanti amaganiza za m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi. Pa Mtunthama si choncho. Ndi chipinda chimodzi chofolera malata, pakhomo pali nsalu yotchinga ntchentche, m'kati muli matebulo awiri kapena atatu. Kuseri kuli mayi ndi mtsikana womuthandiza, mafuwa atatu ndi mphika waukulu wa nsima. Ukalowa sapereka pepala loti uwerenge. Umangofunsa kuti, "Mayi, lero kuli ndiwo zanji?" ndipo yankho lake silitalika: nyemba, mazira, usipa, nyama ya mbuzi, mwina nkhuku ya lokolo. Masamba amaikapo okha. Kunja kuli anyamata a chiwaya okazinga tchipisi ndi kanyenya, ndipo m'mawa kuli tiyi wa mkaka ndi masikono.

Makilomita ochepa kuchokera pamenepo pali Kamuzu Academy, sukulu imene Dr. Banda anaitsegula mu Novembala 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere pamene iye anaphunzirira ali mwana. Kumeneko ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Koma zimenezo ndi za m'kati mwa mpanda. Kunja kuno mtsikana amabwera ndi beseni ndi jagi, n'kukuthirira madzi m'manja.

Amene amadya tsiku ndi tsiku

Gulu loyamba ndi la anthu amene lesitilanti ndiye khitchini yawo. Awa ndi anyamata a kabaza, oitanira minibasi, madalaivala ndi makondakitala, ogaya m'zigayo, ndiponso achinyamata amene abwera kudzagwira ntchito koma sanakwatire. Amadya kamodzi pa tsiku, masana, ndipo kawirikawiri ndi nsima ya nyemba kapena ya usipa. Palibe wa iwo amene amati akusangalala. Wa kabaza akabwerera kunyumba kukadya ndiye kuti wataya okwera awiri kapena atatu, ndipo ndalama yotayikayo iposa mtengo wa mbale. Mnyamata wokhala yekha akawerengera makala, mafuta, mchere, tomato ndi nthawi yoyatsira mbaula, amapeza kuti kuphikira munthu mmodzi n'kodula kuposa kugula chophikaphika. Ena amachita memo: amasonkherana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, n'kupatsa mayi wina kuti awaphikire kuseri kwa sitolo. Mwini lesitilanti anatiuza kuti adani ake enieni ndi a memowa, osati malesitilanti anzake.

Palinso alendo a masiku ochepa. Pa Mtunthama pali chipatala cha mishoni cha St Andrew's, ndipo amene abwera kudzazonda odwala kuchokera kutali nthawi zina amalowa kudzagula nsima. Koma amayi odikirira odwala sadya kumeneko. Iwo amabwera ndi ufa wawo, kapoto ndi mtolo wa nkhuni.

Pamenepa pali chinthu chimene tinachiona maulendo onse awiri. M'malesitilanti amenewa ophika ndi amayi, koma odya ndi abambo. Mayi amene wabwera kudzagulitsa tomato amakhala tsiku lonse ndi mbatata yophika imene wamanga pansalu, kapena amagula mandasi awiri n'kugawana ndi mwana. Tinafunsa mmodzi wa alamu athu chifukwa chake, ndipo anatiseka. Anati ndalama ya mbale imodzi ya nsima ya nyama ikwanira kugula mulu wa usipa, tomato ndi kafuta ka m'pepala zoti banja lonse lidye usiku, ndiye iye angaimeze bwanji yekha.

Amene amadya fodya akagulidwa

Gulu lachiwiri ndilo linadzaza benchi lathu mu Juni. Kuti timvetse gululi tiyenera kudziwa chaka cha mlimi wa fodya, chimene chimasiyana ndi chaka cha msodzi. Msodzi amaona ndalama pang'onopang'ono, lero zilipo, mawa mwera waomba ndipo zasowa, mkuja zabweranso. Mlimi wa fodya amafesa nazale mu Sepitembala kapena Okutobala, kuthirira dzuwa likuswa mtengo, n'kuwokera mvula ikagwa. Kenaka pali kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Miyezi yonseyi ndalama imangotuluka. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mabelo a kuno amapita ku Chinkhoma, m'boma lomweli la Kasungu, kapena ku Kanengo ku Lilongwe. Ndalama ya chaka chathunthu imabwera m'milungu yochepa.

Kale fodya wa bale ankalimidwa m'maesiteti okhaokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linalola alimi ang'onoang'ono kuti nawonso azilima, ndipo kuyambira pamenepo ndalama ya fodya inayamba kulowa m'matumba a anthu wamba ambiri. Malo ngati Mtunthama anakula nayo ndalama imeneyi. M'maesiteti munali matenanti, ambiri a iwo ochokera kummwera, ku Machinga, ku Mangochi, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Iwo ankalandira chimanga kwa bwana pa ngongole chaka chonse, n'kudzawerengerana fodya akagulidwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, komabe mabanja ambiri amene anapita kumeneko, kuphatikizapo abale athu, anakhazikika konko, ndipo chaka chawo chimayendabe ndi fodya.

Tsono taganizirani bambo amene kuyambira Disembala wakhala akudya nsima ya nkhwani wopanda mafuta, nthawi zina kamodzi pa tsiku, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Lero watapa ndalama ku banki pa boma ndipo watsika minibasi pa Mtunthama. Amalowa m'lesitilanti, n'kuitanitsa mpunga wa nkhuku, botolo la Fanta, ndi tiyi wa mkaka pamwamba. Tinakhala moyandikana ndi bambo wotere. Sanali kudya mofulumira ngati wa kabaza. Ankadya pang'onopang'ono, chipewa ali atachiika pa bondo, ndipo atamaliza anaitana mtsikana uja ndi mawu okweza kuti abwere ndi madzi. Chimene bamboyu anagula si nkhuku yokha ayi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi iye ndiye wakhala akutumidwa ndi kukalipiridwa, ndi wa ngongole ya feteleza, ndi wa lole, ndi wosankha mabelo ku okushoni. Tsiku limeneli wapeza malo amene iye akaitana, munthu amabwera.

Kunena zoona, ife sitinamuone cholakwa bamboyu. Munthu wagwira ntchito yowawa, ndipo mbale imodzi siingagwetse nyumba. Vuto limayamba pamene ulendo wa tsiku limodzi wasanduka wa tsiku ndi tsiku. Mwini lesitilanti anatiuza kuti alipo abambo amene m'nyengo imeneyi amabwera m'mawa uliwonse, midzi yawo ili pafupi, poti akumva za mabelo kapena akudikira lole. Amamwa tiyi, masana n'kudya nyama, madzulo n'kuima pa chiwaya. Pobwerera kunyumba amafika okhuta, n'kungotsina nsima kawiri. Mkazi ndi ana amene anasoka nawo fodya yemweyo mpaka usiku amadziwa bwino tanthauzo la kutsina kawiriko. Akuluakulu anati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, ndipo kuno njovuyo imayenda miyezi itatu kapena inayi basi.

Kumudzi kwenikweni mwamuna wokwatira kudya m'lesitilanti ya pafupi ndi kwawo chinali chinthu cha manyazi. Anthu ankafunsana kuti kodi kunyumba kwake moto unazima. Ndiponso chakudya cha kwathu n'choitanirana: munthu akakupeza ukudya umati, "Tisambe, achimwene," ndipo ngakhale akane, mawuwo wanena. M'lesitilanti mawu amenewa samveka kawirikawiri. Anthu amakhala mapewa kugundana, aliyense maso pa mbale yake. Mwina n'chifukwa chake nsalu ya pakhomo ija imakhala yotsitsa nthawi zonse, ngakhale tsiku lopanda ntchentche.

Ife ochokera kunyanja

Gulu lachitatu ndi lathu. Amalonda a nsomba ndi mpunga ochokera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa amakwera phiri lija kawirikawiri m'nyengo ya fodya, chifukwa ndi pamene anthu a kumtunda amagula chambo chowamba osanenerera kwambiri. Munthu amachoka kunyumba atangoswali Fajr, n'kugona kunja masiku awiri kapena atatu. Sangayende ndi mphika. Amadya m'lesitilanti kawiri pa tsiku mpaka katundu atatha, ndipo nthawi zina amaseka yekha poona kuti usipa umene akuulipira pa mbale ndi womwe anagulitsa iye mwini dzulo lake.

Kwa Msilamu pali funso lina limene mnzake wa pa benchi salifunsa. Nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi imapereka ziphaso kwa opha nyama ndi malo odyera, koma pepala lotere limaoneka kwambiri m'mizinda. M'malo aang'ono munthu amadalira pakamwa pake. M'misika yambiri eni mabutchala amaitana Msilamu kuti awazingire mbuzi ndi ng'ombe, poti safuna kutaya ogula, choncho kufunsa kuti, "Wazinga ndani?" sikudabwitsa aliyense. Nkhuku ndi imene imavuta, chifukwa imaphedwa kuseri ndi aliyense amene ali ndi mpeni. Chovuta kuposa zonse ndi chiwaya. Kumtunda kuno nkhumba zimawetedwa kwambiri, ndipo pena chiwaya cha nkhumba chimakhala pachokha, pena mafuta ndi chipande n'zimodzi ndi za tchipisi. Amalonda achikulire amene ayenda msewuwu zaka zambiri ali ndi njira yawo: amasankha mayi mmodzi amene amudziwa, amadya kwa iye yekha ulendo uliwonse, ndipo akakayika amaitanitsa nyemba kapena mazira owiritsa. Achinyamata ena amachita manyazi kufunsa pagulu, makamaka akakhala ndi anzawo a kumtunda, ndipo amenewa ndi amene timawadera nkhawa.

Za beseni lija tisazipitirire. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu a m'mbali mwa nyanja analira maliro ambiri. Madzi othiridwa kuchokera m'jagi, pali sopo, ndi osiyana ndi madzi a m'beseni limodzi losambamo anthu khumi. Munthu ayang'ane zimenezi asanafunse n'komwe za ndiwo, ndipo nsima ikhale yotentha yofuka nthunzi.

Mitengo nayo yasintha kadyedwe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta ophikira, shuga ndi ufa wa tirigu zinakwera motsatira. Mayi wa lesitilanti sangakweze mbale mofanana ndi m'mene zakwerera zinthu, chifukwa a kabaza angathawire ku memo. Chimene amachita ndi kuchepetsa nthuli. Pamene kale ankaika zitatu tsopano amaika ziwiri, msuzi n'kuchulukitsa.

Mu Febuluwale tinabwereranso. Mvula inali ikugwa, fodya ali wobiriwira mbali zonse za msewu, ndipo m'midzi anthu anali kalikiliki kuthyola masamba a pansi. Uwu ndi mwezi umene anthu a ku Kasungu saiwala, chifukwa ndi m'miyezi yomweyi mu 2002 pamene njala inapha anthu ambiri m'boma lino. Malesitilanti awiri oyandikana ndi athu aja anali otseka ndi loko. Kwa mayi wathu kunali nyemba ndi usipa basi. Tinafunsa za nkhuku, ndipo anati sangaphe nkhuku yoti ithe masiku atatu isanagulidwe. Pa benchi panali wa kabaza mmodzi, matope mpaka m'mawondo, ndi ife.

Tili m'kati mwa kudya tinaona bambo wina ataima panja pa khonde kubisala mvula, kathumba ka feteleza wogula pa kilo kali m'manja. Mayi uja anatinong'oneza kuti ameneyo mu Juni ankadya kwa iye tsiku lililonse, ndipo ali ndi kangongole ka mbale zinayi m'kope. Anamuitana kuti, "Bambo, lowani m'kati, mvula ikuwazani." Bamboyo anayankha kuti ali bwino pomwepo, akudikira kuti ikate.