Zomwe botolo la mafuta oyeretsa khungu silinena

Tsiku la msika kwathu kuno, tebulo la mafuta oyeretsa khungu silisowa ogula. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tingadziwe bwanji kuti mafutawa ndi abwino?" Ndinamuuza kuti maso ndi mphuno sizingathandize; yankho lili ku labotale.

Choyamba chomwe akatswiri amafufuza ndi mercury. Chitsulochi chimalepheretsa khungu kupanga melanin, yomwe imatipatsa mtundu wathu wakudawu, n'chifukwa chake opanga ena amachithira. Woyeza amatapa mafuta pang'ono, n'kuwasungunula mu asidi, kenako makina amawerenga kuchuluka kwake. Palinso kachipangizo ka m'manja ka XRF, komwe kamawomba kuwala kwa X-ray n'kuonetsa zotsatira m'mphindi zochepa. Mayiko ambiri anaika mlingo wa miligalamu imodzi pa kilogalamu, koma mafuta ena apezeka ndi mercury wopitirira mlingowu maulendo masauzande. Mu 2023, mayiko a m'pangano la Minamata anagwirizana kuti pofika 2025 zodzoladzola zothiridwa mercury zitheretu. Dzinalo n'la tauni ya ku Japan komwe mu 1956 kunadziwika matenda obwera chifukwa chodya nsomba zamercury.

Chondiwawa n'chakuti wovulala si wodzola yekha. Mercury amalowa m'thupi kudzera pakhungu, amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Amatsaliranso pa thaulo ndi zofunda, choncho khanda lomwe silinadzolepo kanthu limalandira gawo lake.

Amayezanso hydroquinone, yemwe dziko la South Africa linamuletsa m'zodzoladzola mu 1990. Ukamudzola nthawi yaitali, masaya amada bii kuposa kale. Ena amabisamo clobetasol, mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala, omwe amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera.

Kuno kwathu kuyeza katundu ndi ntchito ya Malawi Bureau of Standards. Koma pamsika pathu, mafuta ena amasakanizidwa kunyumba n'kuthiridwa m'timabotolo topanda dzina. Tsono woyeza akawapeza ndi poizoni, akagwira ndani? Ngakhale olembedwa bwinowo, ambiri satchula mercury pa pepala.

Mtsikana uja anakhala chete, kenako anati amayi ake akhala akudzola zaka zitatu. Ndinamuuza kuti awapemphe asiye, ndipo popita kuchipatala atenge botololo kuti adokotala akalione.