"Msiyeni, Sangakwanitse"

Ambirife tikamva za kusala ophunzira aulumali timaganiza za mayina onyoza, monga kumutcha mnzathu wachialubino "napweri". Zimenezi zilipodi, koma tsankho lofala kwambiri m'kalasi limabwera ndi nkhope yachifundo. Mphunzitsi amamudumpha mwana pofunsa mafunso, samupatsa ntchito, n'kumati, "Msiyeni, sangakwanitse." Dzina lake lili m'kaundula, koma iye sakuphunzira.

Taganizirani mwana wachialubino. Ambiri mwa ana otere saona bwino patali. Akakhala kumbuyo m'kalasi yodzadza, zolembedwa pa bolodi zimangooneka ngati chifunga. Kope lake limakhala lopanda kanthu, ife n'kumati ndi waulesi. Akalephera mayeso abwereza sitandade, chaka chinacho abwerezanso, mpaka makolo aona kuti bola angokhala pakhomo. Chonsecho nzeru zinalipo. Chimene chinasowa ndi malo akutsogolo, zilembo zikuluzikulu, ndi chilolezo chovala chipewa ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu siitero. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, choncho ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tisaganize kuti mwana wotere sadzafika m'kalasi mwathu.

Mwana wa vuto la kumva, amene amadalira kuyang'ana milomo, timamutaya tikamalankhula titayang'ana ku bolodi. Nanga woyenda chokwawa? Nkhani ya zimbudzi sitikonda kuikamba, komatu tangoganizani kulowa ndi manja m'chimbudzi chokumba chimene ana mazanamazana adutsamo kale. Ena amapewa kumwa madzi m'mawa kuti asafune kupitako.

Lamulo la 2012 lokhudza anthu aulumali linaletsa kuwasala pa maphunziro, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi odziwa Braille ndi chinenero cha manja. Koma akatswiriwo ndi ochepa. Choipa china n'chakuti tinawasandutsa pothawira: timati mwanayo "ndi wa aphunzitsi apadera", pamene masiku ambiri amakhala m'manja mwa mphunzitsi wamba, amene mawa lino ndi ifeyo.

Tikawerenga anzathu aulumali amene tinalemba nawo MSCE kusekondale kwathu kwa mpingo, zala za dzanja limodzi zimatsalako. Sikuti m'midzi mwathu munalibe ana otere. Ambiri anatsalira ku pulayimale.