Wailesi ya pa intaneti ikamadukiza, yang'anani kaye pomwe munabisa rauta

Kampani ya Bose italengeza mu 2025 kuti m'chaka cha 2026 idzatseka makompyuta amene amathandiza masipika ake a SoundTouch, eni masipika akale anayamba kugona ndi nkhawa, ngakhale amene yawo si ya Bose n'komwe. Nyimbo ikangoduka masekondi atatu, mtima uli phaa: basi, yanga ija aizimitsa. Masipika oterewa alipo ndithu m'nyumba zathu. Ena anabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni kapena ku Mangalande, ena anagulidwa pa kaunjika wa zamagetsi, ndipo ambiri apitirira zaka 10 akugwira ntchito.

Nkhawayo ili ndi pochokera. Sipika yotere siidziwa yokha kumene Zodiak kapena MBC Radio 1 ikupezeka pa intaneti. Imafunsa kaye ku kaundula wa kampani ina, amene amaipatsa adiresi, ndipo kaundulayo akatsekedwa nkhani yatha. Ndi zimene zinachitika mu 2021 kaundula wa Reciva atatsekedwa, mawailesi ambiri a Grace Digital ndi a makampani ena n'kusanduka zokongoletsera pabalaza. Amene ali ku Britain anaona mtundu wina wa vutoli: khothi litagamula mlandu wa kaundula wina wotchedwa TuneIn mu 2019, pofika mu 2020 nyumba zambiri zoulutsira mawu za kunja kwa dzikolo zinasowa pamndandanda wake.

Koma kampani ikakutsekera, wailesi siyamba n'komwe. Siimba mphindi ziwiri, n'kupuma, n'kuyambiranso. Kudukiza ndi matenda ena, ndipo kawirikawiri gwero lake lili m'nyumba momwemo.

Mawu a pa intaneti safika ngati a FM, amene amangobwera mosalekeza kuchokera pansanja. Amadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, kalikonse kakuyenda pakokha, kena kachedwa, kena katayika panjira n'kutumizidwanso. Kuti khutu lisamve chipwirikiti chimenechi, sipika siimba zimene zangofika kumene. Imayamba yasunga masekondi angapo m'kamalo kamene akatswiri amati buffer. N'chifukwa chake mukadina batani pamapita kanthawi mawu asanamveke, ndiponso n'chifukwa chake chigoli chimayamba kumveka pa kawailesi ka mabatire ka aneba, inu n'kudzakuwa iwo atakhala kale pansi.

Buffer ili ngati thanki ya madzi ya pamwamba pa nyumba. Mpopi wa kukhitchini umatulutsa mofanana nthawi zonse, pomwe paipi yodzazira imabweretsa modumphadumpha. Malinga ngati m'thankimo muli madzi, wotsuka mbale sadziwa kuti kunja anasiya kalekale. Ikauma ndi pomwe mumamva zii uja, ndipo sipika imadikira kuti mulowe pang'ono isanapitirize. Foni ya masiku ano ili ndi malo ochuluka osungira, komanso mapulogalamu ake ambiri amatsikira okha ku mawu opepuka netiweki ikafooka, kotero kuti womvera sazindikira kanthu. Sipika yakale nthawi zambiri imasunga zochepa ndipo kutsika siikudziwa. Imafuna mlingo womwewo, ukapanda kufika imakhala chete. Ndiye musadabwe kuti wailesi yomweyo, pa Wi-Fi yomweyo, ikuyenda bwinobwino pafoni koma pasipika ikuchita chibwibwi.

Chimene ambiri sakhulupirira n'chakuti wailesi imadya zochepa zedi. Nyumba youlutsa mawu pa 128 kbps imatha pafupifupi 58 MB pa ola lathunthu. Kugula bandulo yaikulu kapena kulipira intaneti yothamanga kwambiri sikuchiza kanthu apa. Intaneti ya 20 Mbps imene imaima mwa apo ndi apo kwa masekondi angapo idzaumitsa buffer, pomwe ya 1 Mbps yoyenda mokhazikika idzaimba usiku wonse.

Nanga timaphukusi timachedwera kuti? Masipika ambiri akale amalumikiza pa 2.4 GHz pokha, ndipo pamenepa pali thithithi. Njira zimene siziwombana zilipo zitatu basi, 1, 6 ndi 11. M'nyumba zamdadada, komwe khomo lililonse lili ndi rauta kapena MiFi yake, kuphatikiza mafoni amene asandutsidwa hotspot, onse amalimbirana njira zomwezi. Lamulo la Wi-Fi ndi lakuti chida chimamvetsera kaye chisanalankhule. Chikamva china chikulankhula, chimadikira. Mawu awiri akawombana, onse amabwereza. Bluetooth nayo imakhala pa 2.4 GHz. Microwave imagwira ntchito pa 2.45 GHz, ndipo kamphamvu kochepa kamene kamatuluka m'mbali mwa chitseko chake n'kokwanira kusokoneza sipika imene ili pafupi. Ngati nyimbo imaduka nthawi iliyonse wina akamatenthetsa ndiwo, wolakwa mwamupeza kale.

Kenaka pali mphekesera imene imanditopetsa. Mukalowa m'nyumba zina mupeza rauta ili m'kabati ya pansi pa TV, chitseko chotseka, pamwamba atafunditsa kansalu koluka, mwina kuseri kwa furiji. Mukafunsa, akuti mafunde ake amayambitsa khansa, amaumitsa ubongo wa ana, amachepetsa mphamvu za abambo. Munthu yemweyo foni ili kukhutu tsiku lonse, usiku n'kugona nayo pansi pa pilo.

Tiyeni tiwerengere. Ku Ulaya lamulo sililola rauta kupitirira 0.1 watt pa 2.4 GHz. Foni ikamaimba pa netiweki ya 2G imatha kufika 2 watt, itagunda pamutu penipeni. Mphamvu ya mafunde imatsikanso msanga: mukatalikira kawiri, imene ikukufikani imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mafunde a Wi-Fi sali m'gulu la X-ray. Alibe mphamvu yothyola DNA m'maselo a thupi. Bungwe la WHO linanena mu 2006 kuti palibe umboni wokhutiritsa wosonyeza kuti mafunde ofooka a nsanja za mafoni ndi a Wi-Fi amavulaza thanzi. Okonda mphekesera amathamangira kutchula bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene mu 2011 linaika mafunde a wailesi m'gulu la 2B. Gululi ndi la zinthu zimene umboni woti zimayambitsa khansa ndi wochepa, chigamulocho chinatsamira kwambiri pa kafukufuku wa anthu oimba foni nthawi yaitali, ndipo m'gulu lomwelo muli madzi ofinyidwa ku tsamba lathunthu la aloe vera, amene sindinaonepo munthu akuwatsekera m'kabati. Mantha a mtundu womwewu ndi amene anachititsa anthu kuwotcha nsanja za mafoni ku Britain mu April 2020, ati 5G ikufalitsa Covid-19.

Chimene kubisa rauta kumachita motsimikizika ndi kufooketsa netiweki. Khoma la njerwa zootcha limadya mafunde, chitsulo cha furiji chimawabweza, ndipo mafunde akafika ofooka sipika ndi rauta zimatsikira pa liwiro lapansi, n'kumabwereza timaphukusi kambirimbiri. Buffer imauma, kagetsi kapasipika kamaphethira, mwini nyumba n'kuyamba kutukwana kampani ya foni kuti ikumubera bandulo.

Si nthawi zonse vuto limakhala la m'nyumba. Ngati ikudukiza ndi wailesi imodzi yokha pomwe zina zili bwino, ndiye kuti ndi kompyuta ya kusitudiyo kwawo kapena seva yawo. Ngati zimachitika madzulo okha, anthu akaweruka, mwina ndi nsanja ya m'dera mwanu imene yadzaza. Nthawi zina gwero limakhala kutali zedi. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake yambiri imadzera m'maiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja, ndipo pa 12 May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, anthu ku Malawi, Tanzania ndi Mozambique anavutika pamodzi, kaya sipika ndi yatsopano kapena yakale.

Choyesera n'chapafupi. Tulutsani rauta m'kabati, muiike pamwamba poonekera. Ngati sipika ili ndi polowetsa waya wa Ethernet, ilumikizeni mwachindunji; kudukiza kukatha, mlandu unali wa Wi-Fi, ndipo mungayese kusintha njira pakati pa 1, 6 ndi 11. Ngati kaundula wake anatsekedwadi, sipikayo ikadali yabwino: tsegulani wailesi pafoni, mawu mutumize kudzera pa Bluetooth kapena pa kawaya ka AUX. M'nyumba imene 2.4 GHz ndi yodzaza kale, kawayako ndiko kodalirika.