Njobvu zopanda minyanga ndi malungo osamva mankhwala

Anthu ambiri amene amabwera ku cipatala amatifunsa funso limodzi: "Nanga Chloroquine ija inapita kuti? Kale tinali kucira nayo bwino." Yankho lace ndiyambira ku njobvu za kwathu ku Nsefu, m'cigwa ca Luangwa.

Ofufuza amene anawerenga njobvu za ku South Luangwa anapeza kuti mu 1969, pa njobvu zazikazi 100 zilizonse, 10 zinali zopanda minyanga. Pofika mu 1989 zinali 38. Palibe njobvu imene inathyola minyanga yace poopa mfuti. Opha nyama mozemba anali kusankha za minyanga, ndipo zobadwa zopanda minyanga anazisiya. Zimenezi zinabala ana otengera amai ao. Izi ndi zimene Charles Darwin analongosola mu 1859: zamoyo za mtundu umodzi sizibadwa zofanana, ndipo zimene zapulumuka ndizo zimasiya mbeu.

Tizilombo ta malungo tinacita cimodzi-modzi, kungoti mofulumira, pakuti timabalana m'masiku owerengeka. M'magazi a wodwala mmodzi mungakhale tizilombo mamiliyoni ambiri-mbiri. Mwa apo ndi apo kamodzi kamabadwa kosiyana pang'ono, kotha kutulutsa Chloroquine m'thupi mwace isanakaphe. Mankhwala amapha tinzace tonse, iko n'kutsala, udzudzu n'kukatengera kwa munthu wina. Ku Kenya ndi Tanzania bvutoli linaoneka mu 1978, kenaka linafika ndi kuno. Wodwala anali kumwa mapilisi onse, koma sabata isanathe wabweranso thupi lili moto. Mu 2002 boma la Zambia linasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo.

Umboni umene umandikhutiritsa kwambiri unacokera kwa anzathu a ku Malawi. Iwo analeka Chloroquine mu 1993. Ku Blantyre mu 1992, tizilombo 85 pa 100 tinali ndi cibadwa cosamva mankhwalawa. Pofika mu 2000 tinatsala 13 pa 100. Cifukwa cace n'cakuti cibadwa cimeneci cili ngati katundu wolemera: cimathandiza pokha-pokha Chloroquine ikakhalapo, ikacoka tizilombo wamba timabalana kuposa tosamva tija. Mu 2005 madokotala anaiyesanso pa ana a ku Blantyre, ndipo 99 pa 100 anacira. Koma musathamangire kukaigula ai. Tikayamba kuimwa mwacisawawa, tosamva tidzaculukanso.

Ena amati nkhani ya Darwin ndi ya m'mabuku a azungu. Ine ndinaiona pa benci ya odwala.

Tsono nkhawa yathu ili pa Coartem. Ku Rwanda mu 2020, ndipo pambuyo pace ku Uganda, anapeza tizilombo timene tikucedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemisinin, omwe ali mu Coartem. Ife a m'makomboni a Kapata ndi Mchini tili ndi cizolowezi coleka kumwa tikangomva bwino pa tsiku laciwiri, otsalawo n'kusungira mwana. Potero tapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, monga anacitira a mfuti aja ku Luangwa.

Yambani mwapimitsa magazi. Akakupezani ndi malungo, Coartem imamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo wamkulu amamwa mapilisi anai nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Imwani mutadya cakudya ca mafuta pang'ono, monga ndiwo zotendera kapena mkaka, kuti mankhwala alowe bwino m'magazi. Mukasanza mutangomwa kumene, bwererani ku kiliniki akakupatseni ena.