Gasi wa ndowe ndi nkhani ya nkhuni m'mbali mwa nyanja ya Chilwa

Munthu akafika pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, amaona milu ya nkhuni pafupi ndi malo owambira nsomba. Mlamba ndi makumba zimafuna moto kuti zisaole zisanafike ku msika, ndipo nsima ya pakhomo nayo imafuna moto womwewo. Nkhani ino ifotokoza za gasi wochokera ku ndowe, amene pa Chingerezi amati biogas, ndi zimene zimafunika kuti anthu a kuno amugwiritsedi ntchito.

Choyamba, tione chifukwa chake nkhuni zili nkhani yaikulu kuderali. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo si yakuya. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Thondwe. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinjeyi, dothi limakokolokera m'nyanja ndipo mitsinje imaphwa msanga. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasandukanso matope. Choncho msodzi amene akuwamba nsomba ndi nkhuni zodula m'phiri akufupikitsa moyo wa nyanja imene imamudyetsa, ngakhale kuti sachitira dala.

Nanga gasiyu amapangidwa bwanji? Amamanga thanki ya njerwa ndi simenti pansi pa nthaka, yotsekeka bwino kuti mpweya usalowe. Tsiku lililonse amathiramo ndowe za ng'ombe kapena nkhumba zosakaniza ndi madzi ochuluka mofanana ndi ndowezo. M'katimo tizilombo tosaoneka ndi maso timaoletsa ndowe n'kutulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane. Mpweyawu umasonkhana kumwamba kwa thanki, n'kudutsa m'paipi kukafika pa chitofu m'khitchini. Lawi lake ndi la buluu, lopanda utsi wosokoneza maso ndi chifuwa. Phala lotsala limatulukira mbali ina ndipo ndi manyowa abwino m'dimba kapena m'munda wa mpunga. Tizilomboti timagwira ntchito bwino kukatentha, kotero nyengo ya kuchigwa cha Chilwa ndi yoyenera. Ku India ndi ku China mabanja mamiliyoni ambiri akumidzi akhala akuphikira gasi wotere kwa zaka zambiri.

Komabe zinthu zitatu zimavuta. China ndi ndowe. Kuti banja liphike tsiku ndi tsiku pamafunika ng'ombe zingapo zogona m'khola, pamene mabanja ambiri a asodzi ali ndi nkhuku ndi mbuzi basi. Ng'ombe zikamadyera kudambo tsiku lonse, ndowe zambiri zimatsalira komweko. Chachiwiri ndi madzi. M'chaka cha chilala, mayi amene wayenda mtunda kukatunga chidebe chimodzi sangachithire m'ndowe ana ali ndi ludzu. Chachitatu ndi ndalama ndi luso. Simenti ndi mapaipi n'zodula, ndipo thanki ikang'aluka pamafunika mmisiri wodziwa ntchitoyi pafupi. Palinso maganizo a anthu: gasi atha kupangidwa kuchokera ku chimbudzi, koma ambiri amanyansidwa kumva kuti moto wophikira nsima wachokera kumeneko, ngakhale kuti moto ulibe fungo ukamayaka.

Pali phunziro limene tingatengepo pa ntchito ina ya kuderali. Kuyambira mu 2010, bungwe la LEAD lomwe linali pa Chancellor College, pamodzi ndi WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM, linayendetsa ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi kusintha kwa nyengo, ndi thandizo la dziko la Norway. Mwa zina, magulu a amayi anayamba kuumitsa matemba m'nyumba za pulasitiki zogwiritsa ntchito dzuwa ndiponso kuwamba nsomba m'mauvuni osatha nkhuni. Njirazi sizinafune kuti mayi akhale ndi ng'ombe. Zinangokonza ntchito imene iye ankaigwira kale. Chimodzimodzinso mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene amaumba amayi a m'midzi ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Pomaliza, gasi wa ndowe si wa khomo lililonse. Malo ake enieni ndi pamene zinyalala ndi madzi zimapezeka tsiku ndi tsiku ndipo pali munthu woyang'anira: sukulu yogonera konko, msika, malo ophera ng'ombe, kapena mabanja angapo amene makola awo ali moyandikana. Kwa banja la msodzi, mbaula yosatha nkhuni ndi choumitsira nsomba cha dzuwa ndiye poyambira. Amene akufuna kubweretsa gasiyu ku Kachulu ayambe wawerenga ng'ombe za m'mudzi ndi kuyeza mtunda wa ku mjigo asanagule thumba la simenti.