Chilombo Choonedwa ndi Maso a Munthu Wothawa

Pa 18 Januwale 2008 m'nyumba zoonetseramo kanema za ku America munayamba kuonetsedwa kanema wotchedwa Cloverfield. Pasanapite masiku ambiri, nyumba zina, monga za kampani ya AMC, zinamata zikalata zochenjeza anthu kuti kajambulidwe ka kanemayo kangathe kuwachititsa chizungulire ndi nseru monga zimachitikira munthu akakhala paulendo. Chenjezo limeneli silinali lopanda pake, pakuti anthu ena ankatuluka kanema ali mkati, mutu ukuwazungulira, ndipo ena anafika posanza. Chikhalirecho, enanso ambiri anatuluka akuyamikira kuti aona chinthu chatsopano ndi choopsa zenizeni. Wina angathe kungonena kuti makondamakonda, buluzi anakonda khonde, koma nkhani siithera pamenepo. Oyamikirawo ndi odandaulawo ankanena za chinthu chimodzimodzi, ndicho malo amene opanga kanemayo anaika kamera.

Kuti zimenezi zimveke bwino, nkofunika kukumbukira momwe makanema a zilombo zikuluzikulu ankajambulidwira kale. King Kong wa m'chaka cha 1933 anaonetsa chinyani chachikulu chikukwera nyumba yosanja ya Empire State mumzinda wa New York. M'chaka cha 1954 kampani ya Toho ku Japan inatulutsa Godzilla, motsogozedwa ndi Ishiro Honda, m'mene munthu wovala chikopa cha chilombo ankapondereza timanyumba tating'ono tomangidwa mofanizira mzinda wa Tokyo. M'makanema otere kamera inkakhala pamiyendo yake osagwedezeka, ndipo woonerera ankaona chilombo chonse, mutu ndi mchira womwe. Ankalowanso m'zipinda m'mene akatswiri a sayansi ndi akuluakulu a asilikali ankakambirana za komwe chilombocho chachokera ndi njira yochiphera. Woonerera anali ngati munthu amene wakwera pachulu tsidya lina la mtsinje n'kumaonerera moto wolusa: amaona zonse, amadziwa komwe mphepo ikuloza, koma utsi sumufika m'maso.

Opanga Cloverfield anamutsitsa munthu ameneyu pachulu paja ndi kumuika pakati pa othawa moto. Ganizo la kanemayu linachokera kwa J.J. Abrams, amene ali ku Japan ndi mwana wake anaona zidole za Godzilla m'sitolo nalakalaka kuti America nayenso akhale ndi chilombo chakechake. Nkhani yake inalembedwa ndi Drew Goddard, ndipo wotsogolera kujambula anali Matt Reeves. Iwo anagwirizana kuti kanema yense, wa mphindi 85, aoneke ngati tepi imene asilikali anatola pamalo a ngozi. Tepiyo ionetsa phwando lotsanzikana ndi mnyamata wotchedwa Rob, amene wapeza ntchito ku Japan. Mnzake Hud apatsidwa kamera kuti ajambule mawu otsanzika a abwenzi. Phwando lili mkati, nthaka igwedezeka, magetsi azima, ndipo anthu atatsikira mumsewu aona mutu wa chiboliboli cha Statue of Liberty ukugubuduka pakati pa magalimoto. Kuchokera pamenepo Hud saika kamera pansi. Athamanga nayo pamlatho wa Brooklyn, m'njira za sitima za pansi pa nthaka, ndi m'nyumba yosanja yopendekeka m'mene Rob akupita kukapulumutsa Beth, mtsikana amene amamukonda. Hud akathamanga chithunzi chimadumphadumpha, akacheuka chimazungulira, akagwa nachonso chimagwa.

Choyamba kuyankha kajambulidwe kotere chinali thupi. Munthu amadziwa ngati akuyenda kapena wakhala chete kudzera m'maso, m'minofu ndi mfundo za thupi, ndiponso mkati mwa khutu. Mkati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika todzaza ndi madzi, ndipo mutu ukatembenuka madziwo amakankha titsitsi ting'onoting'ono timene timatumiza uthenga ku ubongo. Masiku onse mboni zimenezi zimanena chimodzi. Koma munthu akamawerenga buku m'basi yoyenda mumsewu wokhotakhota, maso amati wakhala chete pamene khutu likuti akuyenda, ndipo nseru imayamba. M'nyumba ya kanema zimachitika mosemphana: maso amati munthuyo akuthamanga ndi kuzungulira, pamene khutu ndi thupi zikuti wakhala phee pampando. Umboni wakuti khutu lili ndi mbali yaikulu pa vutoli ndi wakuti anthu amene ziwalo zimenezi za m'khutu zinaleka kugwira ntchito sadwala nseru ya paulendo. M'chaka cha 1977 katswiri wina, Michel Treisman, anapereka ganizo lakuti ubongo ukalandira mauthenga otsutsana chotere umayesa kuti munthuyo wadya chinthu chaululu, motero umalamula m'mimba kuti mutuluke zonse.

Kukula kwa chinsalu choonetserapo kanema kumawonjezera vutoli. M'chipinda chamdima chithunzi chimadzaza maso onse mpaka m'mphepete, ndipo m'mphepete mwa diso ndimo mmene munthu amazindikira msanga kusuntha kwa zinthu. Palibe khoma, zenera kapena kabati yoti diso ligwirepo ndi kutsimikiza kuti dziko lili chiimire. Ndicho chifukwa chake kanema yemweyo savutitsa kwambiri akaonedwa pa wailesi yakanema kunyumba nyali ikuyaka, ndiponso okhala kutsogolo kwenikweni amavutika koposa okhala kumbuyo. Anthu amasiyananso chibadwire. Amene sachedwa kudwala m'basi kapena m'sitima ya pamadzi, ndi amene amadwala mutu waching'alang'ala, kawirikawiri ndiwo amayamba kumva nseru. Zoterezi zinaonekaponso m'chaka cha 1999 pa kanema wotchedwa The Blair Witch Project, wa ophunzira atatu osochera m'nkhalango ali ndi makamera m'manja, ngakhale kuti mmenemo munalibe chilombo chogwetsa nyumba.

Chachiwiri kuyankha chinali maganizo, ndipo apa ndi pamene panagona mkangano waukulu. M'mwezi wa Julayi 2007 kachidutswa kolengeza kanemayu kanaonetsedwa anthu akudikira kuona Transformers, koma kanalibe dzina la kanemayo, kanangotchula tsiku lotulukira. Kwa miyezi 6 anthu anakhala akuganizira pa intaneti kuti chilombocho chidzakhala chotani, ena n'kumati ndi Godzilla watsopano. Atalowa m'nyumba za kanema anapeza kuti chilombocho chikuoneka pang'onopang'ono: mwendo kuseri kwa nyumba, mchira ukuphwanya mlatho, msana pa wailesi yakanema ya m'sitolo. Nkhope yake inaoneka bwino chakumapeto kwenikweni, m'bwalo la Central Park, pamene chinawerama ndi kupha Hud. Panalibe katswiri wofotokoza komwe chachokera, ndipo kanemayo anatha mabomba akugwa popanda woonerera kuona chilombocho chitafa. Panalibenso nyimbo zija zimene zimauza munthu nthawi yoyenera kuopa ndi nthawi yopumira, pakuti nyimbo ya Michael Giacchino inamveka pokhapokha maina a ogwira ntchito atayamba kuoneka kumapeto.

Kwa ena zimenezi ndizo zinali mphamvu ya kanemayo. Iwo ankati munthu wamba tsoka likamugwera sauzidwa chifukwa chake, amangomva phokoso ndi kuona anzake akuthawa, ndipo chinthu choonedwa mwatheka chimaopsa koposa choonedwa poyera chifukwa maganizo amadzaza okha mbali yotsalayo. Kwa ena kunali kumanidwa chimene analipirira. Ankafunsa chifukwa chimene munthu wanzeru zake angapitirizire kujambula anzake akufa, ndiponso chifukwa chimene kamera imatembenukira kumbali nthawi yomweyo imene chilombo chatulukira. Kugawanikaku kunaonekera m'ndalama zomwe. Kanemayu anapangidwa ndi madola pafupifupi 25 miliyoni, ndipo m'masiku atatu oyamba anapeza madola 40 miliyoni ku America, zimene panthawiyo zinaposa kanema wina aliyense wotuluka m'mwezi wa Januwale. Koma kumapeto kwa sabata yotsatira ndalamazo zinatsika ndi magawo 68 pa 100 alionse. Olemba ndemanga m'manyuzipepala ambiri anamuyamikira, pamene bungwe la CinemaScore, limene limafunsa anthu potuluka m'nyumba za kanema, linapeza kuti oonerera amupatsa C yekha. Pomaliza anapeza madola oposa 170 miliyoni padziko lonse.

Chachitatu kuyankha chinali chikumbumtima cha anthu a ku America. Pa 11 Seputembala 2001, zaka zosakwana 7 kanemayu asanatuluke, ndege ziwiri zinawomba nyumba zosanja za World Trade Center mumzinda womwewo wa New York, ndipo zigawenga zinapha anthu pafupifupi 3,000 tsiku limenelo. Zambiri mwa zithunzi zimene dziko linaona zinajambulidwa ndi anthu ali mumsewu, kamera ili m'manja, akuthawa chimtambo cha fumbi. Mu Cloverfield muli malo amene nyumba yosanja igwa, fumbi lidzaza msewu, anthu abisala m'sitolo, ndipo potuluka apeza anzawo atayera mbuu ndi fumbi. Palibe munthu wa ku New York amene akanalephera kuzindikira chithunzi chimenechi. Olemba ndemanga ena, monga Manohla Dargis wa nyuzipepala ya The New York Times, anadzudzula opanga kanemayo kaamba kogwiritsa ntchito zithunzi za tsiku la maliro pofuna kusangalatsa anthu. Ena anakumbutsa kuti Godzilla nayenso anabadwa m'chisoni. Anatuluka patangopita zaka 9 mabomba a atomiki atagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki, ndiponso m'chaka chomwecho chimene asodzi 23 a ku Japan anagweredwa phulusa la bomba loyesedwa ku Bikini. Kusiyana kwake kunali kwakuti Honda anaonetsa tsoka la mtundu wonse, ndi aphungu ndi akatswiri akufunafuna chochita, pamene Reeves anaonetsa tsoka monga momwe munthu mmodzi analionera ali pansi, wosadziwa kanthu.

Opanga makanema anatolapo phunziro. M'chaka cha 2010 André Øvredal wa ku Norway anatulutsa Trollhunter, m'mene ophunzira atatu okhala ndi kamera atsatira munthu amene akumuganizira kuti amapha zimbalangondo mozemba, n'kupeza kuti ndi mlenje wolembedwa ntchito ndi boma kuti azipha ziphona za m'nthano za dzikolo. Kamera inali m'manja ndithu, koma ziphonazo zinaonetsedwa mokwanira, mlenjeyo anafotokoza mitundu yake ndi makhalidwe ake, ndipo nthabwala zinapatsa anthu mpata wopuma. Godzilla wa Gareth Edwards wa m'chaka cha 2014 anasunga nzeru yoonetsa chilombo kuchokera pamene munthu waima, kudzera pazenera kapena pachitseko chotsekeka, koma popanda kugwedeza chithunzi kosalekeza. Ngakhale makanema awiri amene anatenga dzina la Cloverfield pambuyo pake, 10 Cloverfield Lane wa 2016 ndi The Cloverfield Paradox wa 2018, anasiya kunamizira kuti ndi tepi yotoledwa.

Munthu wofuna kuonera kanema wamtunduwu koma amadziwa kuti sachedwa kumva nseru angathe kudzithandiza pokhala chakumbuyo, poyang'ana m'mphepete mwa chinsalu kapena pansi chithunzi chikayamba kuzungulira, ndi potsinzina pang'ono kufikira m'mimba mutakhazikika. Kunyumba, nyali yoyaka ndi kukhala patali pang'ono zimakwanira. Koma kusadziwa kuja kulibe mankhwala otere, pakuti ndiko kumene opanga kanemayo anafuna. Masiku ano lamya za m'manja zili ndi makamera, ndipo nkhani za zivomezi, madzi osefukira ndi nkhondo zimayamba kufika kwa anthu kudzera m'zithunzi zogwedezeka zojambulidwa ndi othawa, atolankhani asanafike pamalopo. Maso a anthu azolowera kukhulupirira chithunzi chotere koposa chithunzi chokonzedwa bwino. Opanga Cloverfield anabwereka chikhulupiriro chimenechi ndi kuchipereka kwa chilombo chongopeka, ndipo woonerera aliyense analipira mtengo wake molingana ndi khutu lake, kudekha kwake ndi zimene anali kukumbukira.